Bwato m'Munda mwa Mayi Bernadetta

"Baya apa," anatero Che Swaibu, akuloza pansi ndi ndodo. "Iyayi, osati apo. Sendera kuno. Kodi ku Joni anakudula makutu?"

Twalibu anazula chitsulo chija, nasendera mapazi awiri, n'kuchibayanso. Chinali chitsulo chachitali chomangira nyumba chimene anachinola kunsonga. Anachitsamira ndi thupi lonse mpaka chinamira theka, koma sichinagunde kanthu. Atachizula anagwira nsonga yake ndi chala. Inali youma, yofunda ngati yachokera m'phulusa.

"Palibe, achimwene."

"Lilipo. Bwato silisamuka lokha. Baya kutsogoloko."

Linali tsiku lachiwiri abale awiriwa akusakasaka bwato lawo m'munda wa nandolo. Mlendo akanawaona akanati mitu yawazungulira. Koma pamene anaimapo, pakati pa mizere ndi zitsa za nandolo, kale panali doko la Namilepe, kummwera kwa nyanja ya Chiuta. Pamene Twalibu ankanyamuka kupita ku Joni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, pamenepo madzi ankalekeza m'chiuno, mabwato ali ndandanda, amayi akulimbirana matemba ndi makumba m'mabeseni, fungo la milamba yowamba likumveka mpaka kunjanji. Tsopano nyanja inkaoneka kutali uko ngati lata limene mphepo yataya m'tchire, ndipo kuti munthu anyowetse phazi ankayenda ola lathunthu.

Asodzi a ku Chiuta akhala akudziwa kuyambira kale kuti nyanja yawo ili ndi zaka zothawa. Amadziwanso kuti bwato losema likakhala padzuwa limang'ambika. Choncho madzi akayamba kuphwa amakumba dzenje m'matope a padoko, n'kugonekamo bwato, n'kulikwirira, n'kuzikapo nsungwi. Pamwamba pamauma n'kuchita ming'alu, koma pansi pamakhalabe thope lozizira mpaka madzi atabwerera. Amalume awo, malemu Che Mahmudu, anachitapo zimenezi kawiri pa moyo wawo, ndipo kawiri konseko bwato linatuluka lakuda bii, lolemera, lopanda ndi mng'alu umodzi womwe.

Che Swaibu anatsatira zomwezo zaka zisanu zapitazo. Koma madzi sanabwerere mwaulemu ngati kale. Anabwera ndi namondwe, atasenza mchenga wa m'mapiri. Anazula nsungwi ija, anagwetsa nyumba, anatseka ngalande imene mabwato ankadzera m'bango, kenako anachoka n'kukaima kutali kuposa poyamba. Sabata yomweyo Che Swaibu anagwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanzere n'kufooka. Ana a mchemwali wawo Sakina anali atapita kale ku Joni, ndipo panalibe wokumba. Komabe Twalibu akaimba foni yankho linali limodzi: "Bwato lilipo, likugona. Ukadzabwera tidzalidzutsa."

Mawu amenewo ndi amene anamubweretsa Twalibu kumudzi. Kuntchito kwake, kumalo opangira magetsi ndi malasha, anamuuza kuti chifuwa chake chatha, apite akapume kwawo. Anabwera ndi chikwama cha zovala, katoni ya mabuku ndi manyuzi akale amene ankawerenga m'hositelo anzake akumwa, ndi ukonde watsopano umene anagula podutsa ku Limbe. Munda analibe. Mkazi wa ku Joni anatsala komweko ndi ana ake, ndipo mapepala obwererera anali atatha. Chimene chinali chake m'dziko lino chinali theka la bwato limenelo. Ankaganiza kuti akalifukula alikweza pangolo, akaliponya kudoko latsopano, ndipo atatuwa, iye, mkulu wake ndi Sakina, azidya za m'madzi monga anakulira.

"Nsungwi inapita, koma maso ndili nawo," anatero Che Swaibu, akudzikoka kuti akhale bwino pampando umene anawanyamulira. "Msodzi sasunga malo ndi nsungwi yokha. Ukaima poti mgwalangwa wa kumanda uja wabisa nsonga ya mzikiti, phiri la ku Mozambique lili kumsana kwako, ndiye kuti waima pamzere wa bwato. Ndinayang'ana katatu tsiku limenelo."

Twalibu anayang'ana mgwalangwa, anayang'ana mzikiti, kenako maso ake anapitanso pamene sankafuna kuti apite. Chakumapeto kwa mundawo kunali chulu chofika m'mawondo. Anachiona dzulo lomwe. Chiswe sichimanga pamene pali thope.

"Odi, odi eni munda. Ndimati ndipemphe ganyu, poti ndikuona munda wapeza eni ake atsopano."

Anali mayi Bernadetta, Mlomwe wamasiye wochokera cha ku Chikweo, amene anapatsidwa malowa nyanja itachoka. Anaima khasu lili paphewa, akuyang'ana mabowo amene anali mbwee m'mizere yawo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero Che Swaibu. "Ife sitikuba. Tikufuna katundu wathu amene tinasungitsa kwa nyanja."

"Ndiye mukafunse nyanjayo, ili uko. Mizere iyi ndaunda ndekha ndi msana uno, dothi lili ngati simenti. Dzulo ndinapita kumsika ku Nayuchi, lero ndikupeza ngati mwagona mfuko." Anatembenukira kwa Twalibu n'kumuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Awa ndi aja a ku Joni? Ife timamva kuti a ku Joni amabwera ndi galimoto. Awa abwera ndi chitsulo."

"Galimoto ili m'mbuyo, mayi. Ikudikira kuti mukonze mseu."

"Pakamwa pokha anabwera napo."

"Mzere uliwonse umene ndiphwanye ndiundanso ndekha," anatero Twalibu. "Mvula isanagwe mupeza munda uli monga munausiyira."

"Mvula isanagwe. Ndiye mwadzipatsa nthawi yambiri." Mayi Bernadetta anatsitsa khasu n'kukhala pamzere. "Asilamu inu mwandizolowera. Mwezi watha munabwera kudzapempha mitengo ya nandolo zanga pa maliro a Che Hamisi, ndinakupatsani. Lero mwabwera ndi chitsulo. Mawa mudzanyamula ndi munda womwe."

Twalibu analipo pa maliro amenewo, patangotha sabata ziwiri chibwerereni. Msilamu salowa m'manda ndi bokosi. Amamugoneka m'nsanda yake m'kamphanga kokumba m'mbali mwa dzenje, n'kutsekapo ndi mitengo yolimba kuti dothi lisamugwere kumaso. Ali mwana, ntchito yodula mitengoyo inkatha madzi osambitsira maliro asanafunde. Koma tsiku la Che Hamisi amuna anazungulira mudzi wonse mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kubwera ndi mitengo ya nandolo yonga zala, chitseko chakale cha bafa ndi masaka awiri. Pothira dothi aliyense anamva kuthyoka pansipo. Shehe anakweza mawu a pemphero la duwa, anthu n'kumayang'ana kumbali.

"Ndikuuzeni zoona, Che Swaibu," anapitiriza mayi Bernadetta. "Chaka choyamba pano ndinadzala mpunga, ndinakolola. Chachiwiri mpunga unapsa usanatulutse ngala, ndinadzala chimanga. Tsopano ndi nandolo, nayenso akubereka mwamanyazi. Thope limene mukulifunalo, ine ndinakumba chitsime apo mpaka kumira ndi mutu womwe, sindinalione."

"Munakumba pamchenga. Padoko ndi pena."

Nthawi yomweyo kunjanji kunamveka kulira kwa sitima. Onse atatu anacheuka, ngakhale kuti inkadutsa kangapo patsiku. Inatulukira kuchokera cha ku Liwonde, mabogi akuda odzaza malasha ali mndandanda wosaoneka mathero, kuchokera ku Mozambique wakumadzulo kupita ku Mozambique wakum'mawa, kudutsa m'dziko la eni ngati munthu wodula pakhonde pako osapereka moni. Twalibu anatsokomola nthawi yaitali, n'kulavula.

"Thope lanu ndi ilo likupita apolo, achimwene."

"Wayambanso."

"Akuti chiyani awa?" anafunsa mayi Bernadetta.

"Musawafunse, mayi, simupita kwanu lero. Anabwera ndi katoni ya mabuku. Sakina amafuna ayatsire moto, anatsala pang'ono kumenyana."

"Malasha amenewo akupita kunyanja yamchere," anatero Twalibu, "akawakweze m'zombo, akawawotche kumayiko ena. Ine ndawotcha oterewa zaka zonse ndinali kuja. Utsi wakuda umene mumauona si kanthu, umagwa pansi n'kulowa m'zifuwa za anthu ngati ine. Koma muli mpweya wina wosaoneka. Umenewo ukakwera kumwamba sutsika msanga, umakhala zaka mazana, ukuunjikana ndi wa magalimoto, wa ndege, wa mafakitale. Umayala pamwamba pa dziko lonse ngati bulangeti. Dzuwa limalowa bwinobwino, koma kutentha kukafuna kubwerera kumapeza potuluka pachepa."

"Bulangeti mu Okutobala muno? Anatifunditsayo ndi mfiti," anatero mayi Bernadetta.

"Ndiye madzi a m'nyanja zosaya ngati yathuyi amauluka msanga. Nyanja yamchere ikafunda, anamondwe ake amakula mphamvu. Mvula ya mwezi wonse imagwa masiku awiri, n'kukokolola phiri kudzalitaya padoko, kenako kuli zii mpaka mbewu zipse."

"Kunabwera a bungwe ndi galimoto zoyera," anatero mayi Bernadetta. "Anatisonkhanitsa kusukulu, akuti vuto ndi mafuwa athu atatu, tiziphikira mbaula zadothi. Anatijambula, anatipatsa fanta."

"Mitengo tinamaliza ndife, zimenezo sindikana. Koma inu phikani pamafuwa anuwo kuyambira utsikana mpaka kumanda, mwina mufanane ndi bogi imodzi. Tawerengani mabogiwo."

Mayi Bernadetta anayamba kuwerenga ndi chala, anafika pa makumi anayi n'kusiya. Sitima inali ikadadutsabe.

"Ndiye iwe," anatero Che Swaibu pang'onopang'ono, pakamwa pawo popotoka pakuchita ngati kumwetulira, "unkatitumizira ya sopo ndi dzanja ili, dzanja linalo ukutiumitsira nyanja."

Twalibu anagwetsa maso pachitsulo chake. Ankakumbukira mmene ankanyadira yunifolomu yake yoyamba, mmene anajambulitsira chithunzi ataima kutsogolo kwa machumuni asanu ndi limodzi n'kutumiza kumudzi. Chithunzicho chinali chikadali pakhoma kwa Sakina.

"Nyanja ndimaidziwa ine," anatero Che Swaibu. "Mabuku akowo sanayambe anyowapo. Allah anaichotsa, adzaibweza. Baya."

Anabaya mpaka dzuwa linafika paliwombo. Manja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Ndi pamene Sakina anafika ndi chigubu cha madzi pamutu ndi chinangwa chophika m'kambale. Anali wamkulu kwa Twalibu, wamng'ono kwa Che Swaibu, ndipo onse awiri ankadya pakhomo pake: wina anabwerera kuchokera kuchikamwini mkazi atamwalira, winayo kuchokera ku Joni. Anapereka moni kwa mayi Bernadetta, anayang'ana mabowo aja, n'kupukusa mutu.

"Amuna a pakhomo panga. Wina alibe mwendo, wina alibe chifuwa, onse akulima mabowo. Kodi achimwene, malowa mukuwadziwira chiyani?"

Che Swaibu anafotokozanso za mgwalangwa ndi nsonga ya mzikiti, monyadira, ngati akuphunzitsa mwana. Sakina anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatula chigubu pansi, n'kugwira m'chiuno.

"Mzikiti umene mukuyang'anawo ndi wa liti?"

Che Swaibu anacheukira kumudzi.

"Wakale uja unagwa ndi namondwe inu muli gone kuchipatala. Uwu tinamanga pamtunda, njerwa tinasenza ndife. Mumaswaliramo Lachisanu lililonse, simuona kuti mumayenda ulendo wotalikirapo? Masiku awiri mwakhala mukubaya munda wa mayiwa chifukwa cha mzikiti woti bwato lanulo sunalione n'komwe."

Mayi Bernadetta anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Che Swaibu sanaseke. Ankadziwa ndithu kuti mzikiti unamangidwanso, koma m'mutu mwawo, mmene ankasungiramo nyanja, munalibe chimene chinasunthapo.

Sakina anabwerera kumudzi, anamanga mpango wofiira kunsonga kwa nsungwi, n'kukaima pamaziko a mzikiti wakale ataikweza m'mwamba. Twalibu anayenda cham'mbali, maso ali pa mgwalangwa, mpaka mpango uja unabisika kuseri kwake. Atayang'ana pansi anapeza kuti waima mapazi asanu kuchokera pachulu chija.

Anabaya koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Kachitatu chitsulo chinagunda chinthu, n'kumveka kuti gu.

"Alhamdulillah," anatero Che Swaibu, akuyesa kuimirira. "Wamva? Ndinakuuza kuti likugona. Mabuku ako anena chiyani tsopano?"

Twalibu anasendera phazi limodzi n'kubayanso. Chitsulo chinagunda, chinaima pang'ono, kenako chinapitirira chokha ngati chaboola chikho. Anachizula msanga mkulu wake asanaone.

"Tikumba mawa," anatero.

M'mawa mwake, atangoswali, anabwerera ndi piki ndi fosholo zobwereka. Anatenganso chingwe chatsopano cha ukonde uja, choti adzakokere bwato pokweza pangolo. Che Swaibu anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ngakhale linali Lachitatu. Mayi Bernadetta anabwera ndi khasu, akuti pofuna kuonetsetsa kuti asawawonongere mizere yambiri, koma posakhalitsa anali m'dzenje limodzi ndi Sakina, akukokera mchenga kunja.

Twalibu ankakumba n'kumapumira, chifuwa chikulira ngati chitseko. Pokumbapo ankakumbukira mtengo umene munachokera bwatolo. Unali mbawa wa m'mphepete mwa Rivirivi ku Balaka, waukulu woti amuna atatu ankalephera kuukumbatira. Anapita atatu, iye, Che Swaibu ndi amalume awo, n'kukhala miyezi iwiri pamsasa, akusema ndi kasemasema, akudya mango ndi nsomba za mumtsinje momwemo. Madzulo ankasamba padziwe lakuya, anyani akuwatukwana m'mitengo. Bwato analikweza sitima pa Nkaya, ndipo tsiku limene linafika pa Namilepe amayi analulutira ngati kwabwera mkwatibwi. Pobwera ulendo uno Twalibu anauona Rivirivi ali pawindo la minibasi. Unali mseu wamchenga, amayi atagwada m'maenje akudikira madzi ndi makapu, ndipo m'mbali monsemo munalibe mtengo woposa ntchafu yake.

Mchenga wa namondwe unatha atakumba kufika m'chiuno. Pansi pake panali dothi lakuda la nyanja, thope lija ankalidalira Che Swaibu. Piki inkadumpha ikamenya. Dothilo linali litauma n'kugawikana zibuma zikuluzikulu, pakati pake pali ming'alu yolowa mkono wonse, ndipo m'ming'alumo munkatuluka mpweya wofunda.

Mutu wa bwato unaonekera dzuwa litakwera. Mphete yachitsulo yomangirira inali pomwepo, pamene Twalibu anaikhomera yekha ali mnyamata. Koma mtengowo sunali wakuda. Unali wotuwa ngati fupa.

"Pitirizani," anatero Che Swaibu ali pamwamba. "Kumutu kumauma nthawi zonse. Onani pamimba."

Anachotsa dothi la m'kati ndi manja. Pansi pa bwato panali mng'alu woyambira kumutu mpaka kumchira, wolowa phazi la munthu. Dothi pouma linagwira mbali iyi ndi mbali iyo n'kukoka, mpaka mbawa unagonja. Chakumchira, kumbali ya chulu, kunalibenso mtengo. Kunali chikombole cha dothi lofiira chooneka ngati bwato, ndipo Sakina atachikhudza ndi khasu chinagumuka, chiswe choyera n'kubalalika pothawa kuwala.

"Nditsitseni."

"Achimwene, mungoona muli pomwepo."

"Ndati nditsitseni."

Twalibu anawanyamula ngati mwana n'kuwakhazika m'mphepete mwa bwatolo. Mkanjo woyera uja unadetsedwa nthawi yomweyo. Che Swaibu anayendetsa dzanja lawo labwino pamng'alu uja, uku ndi uku.

"Phula," anatero. "Phula ndi nsanza, pamwamba tikhomepo lata. Kumchiraku tidula, titseke ndi thabwa. Amalume anakonzapo loipa kuposa ili."

Twalibu anagwada, n'kuika chikhatho pansi pa bwato pambali pa mng'alu, pamene pankaoneka polimba, n'kukanikiza pang'ono. Dzanja linalowa mpaka m'mfundo. Analitulutsa lodzaza ufa wamtengo, n'kuuthira pansi.

Che Swaibu anayang'ana bowolo nthawi yaitali.

"Ndinalikwirira monga anandiphunzitsira amalume," anatero motsitsa mawu. "Sindinalumphe kanthu. Ndinayala bango pansi, ndinathira thope m'kati, ndinaponda ndi mapazi anga. Thope linali kufika m'ntchafu."

"Simunalakwitse, achimwene. Amalume anakuphunzitsani za dziko limene ankalidziwa. Limenelo linatha ife tili momwemo."

"Iwe munalibe."

"Eya. Ine munalibe."

Mayi Bernadetta anatuluka m'dzenje mwakachetechete, n'kukakhala patali pang'ono atafulatira. Sakina anapukuta thukuta ndi mpango wofiira uja. Maso ake anali ofiira, koma mawu anatuluka ouma ngati masiku onse.

"Chabwino, taona. Ukonde uja, Twalibu, ukafunse kudoko latsopano ngati alipo angakulole kukwera nawo, ngakhale okha akubwerako ndi matemba osadzaza mbale. Zotsala za bwatozi nditenge ine. Nkhuni ndikumakatola kumalire, kunyamuka kusanache, kubwera masana. Mbawa wouma chonchi ndiphikira mpaka Ramadani."

"Kapena muwauze owotcha makala," anatero mayi Bernadetta osatembenuka. "Mtengo wotere sanauone zaka khumi."

Che Swaibu anatenga ndodo yawo n'kuyamba kugogoda m'mbali mwa bwato, kuyambira kumutu, pang'onopang'ono, khutu atatchera. Pena pankamveka pofumbwa. Koma chakumtunda kwa mbali zonse ziwiri, kumene ankatsamirako popalasa, mtengo unkayankha kuti ngwe, ngwe, monga unkachitira pa Rivirivi. Anagogoda mbali yakumanja mpaka pamene panayambira chiswe, n'kulemba mzere ndi nsonga ya ndodo. Anachita chimodzimodzi kumanzere.

"Sakina, zapansizi ndi zako, uphikire. Mayi Bernadetta atengeko, tawapondera munda. Koma mbalizi asakhudze munthu." Anapumira. "Twalibu, ukabwereke sowo kwa kalipentala. Bweretsa chingwe chakocho."

"Chingwe cha chiyani? Palibe chokoka apa."

"Undiyeze."

Twalibu anaima chilili, fosholo ili m'manja.

"Unamva mmene munathyokera m'manda mwa Hamisi," anatero Che Swaibu. "Munthu anapalasa nyanja iyi zaka makumi asanu, n'kumutseka ndi chitseko cha bafa. Ine dothi lakumaso sindikulifuna. Undichekere thabwa limodzi lotalika ngati ine, ukaliike kudenga kwa Sakina, kumene chiswe sichifika. Tsiku langa musadzavutitse mayiwa ndi nandolo zawo."

"Achimwene, musayankhule choncho kukuwala," anatero Sakina.

"Ndiyankhule liti? Ndigwire, ndiime."

Sakina anawagwira m'khwapa. Twalibu anamasula chingwe chija, chikadali ndi fungo la m'sitolo, anaponda nsonga yake pafupi ndi chidendene cha mkulu wake, n'kuchikweza mpaka pachipewa. Anamanga mfundo pamenepo. Atachiyala pa mbali yakumanja ya bwato, chinakwana, n'kutsalanso malo ena otalika chimodzimodzi.

"Ukuona," anatero Che Swaibu. "Bwatoli ndi la anthu awiri. Ima apo nawe. Ndi chifuwa chimenecho usadzione ngati uli kumbuyo kwenikweni."

"Nanga ine?" anafunsa Sakina. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuwamba nsomba za bwato limeneli, utsi uli m'maso. Mudzanditseka ndi mabuku a Twalibu?"

"Kumanzereku kwatsala lako. Linkanyamula atatu bwatoli, ndi nsomba zomwe."

"Ife a bokosi tidzaona tokha," anatero mayi Bernadetta, akudzuka n'kukutumula chitenje. "Koma mizere yanga musaiwale, a ku Joni. Kaya igwa kaya siigwa, ine ndidzala."

"Ndiunda, mayi. Ndikangomaliza izi."

Twalibu anavula chipewa n'kuimirira mowongoka m'dzenjemo, msana utatsamira dothi lofunda. Sakina anaponda chingwe pachidendene chake n'kuchikweza, koma mkono wake sunafike.

"Werama pang'ono," anatero.

"Ndikawerama thabwa lichepa, achemwali."

Sakina anakwera pamutu pa bwato, pamene panali mphete ija, n'kumanga mfundo yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Kunjanji sitima ina inali itayamba kulira, koma palibe anacheuka. Twalibu anapinda chingwecho bwinobwino kuti mfundo zisasunthe, anachikoleka paphewa, n'kutuluka m'dzenje kupita kukabwereka sowo.